“Abusa, lero mwatidyetsa”: mayeso a mlaliki pakhomo la tchalitchi

Mapemphero a Lamulungu akatha m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, anthu sathamangira kunyumba. Amayamba aima kaye pabwalo m'timagulu, abambo akumasula njinga pamtengo, amayi akumangitsa ana kumsana. Mlaliki akangotulukira pakhomo la chipinda cha akulu a mpingo, Baibulo lili m'khwapa, thukuta lisanaume pamphumi, pamakhala wina amene wakhala akumudikirira. Kawirikawiri amakhala gogo wa Chigwirizano cha amayi. Amapinda mawondo pang'ono, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, n'kunena mawu amene aliyense woima paguwa kuno anawamvapo: “Abusa, lero mwatidyetsa.”

Ulaliki watha, koma mayeso a mlaliki akuyambira pomwepo. Yankho limene apereke m'kamphindi kameneka limaulula za mumtima mwake kuposa mphindi 40 zimene wakhala akulankhula m'tchalitchi.

Pali mlaliki amene amakana: “Ayi mayi, palibe chimene ndachita, lero sindinakonzekere n'komwe.” Zimamveka ngati kudzichepetsa, koma tamuganizirani gogo uja. Wadzuka m'mamawa, watsika chigwa n'kukwera chitunda, wamva mawu amene afika pabala lake, ndiye akuuzidwa kuti chimene chamuthandizacho si kanthu. Nthawi zinanso kukana kotere kumakhala nyambo, kufuna kuti woyamikayo abwereze mokweza. Pali wina amene amameza chonse: “Mukanabwera sabata yatha ndiye mukanamva zenizeni.” Ndipo pali wachitatu amene amayankha bwinobwino kuti ulemerero upite kwa Mulungu, koma amanena ngati kondakitala wobweza chenji, maso ali kale kwa bwana amene wabwera pagalimoto.

Kulandira ndi manja awiri

Chodabwitsa n'chakuti kumudzi funso limeneli linayankhidwa kalekale. Mwana wa Chichewa asanadziwe kuwerenga amakhala ataphunzira kulandira chinthu ndi manja awiri. Mlendo akagwiriridwa nkhuku sakana, chifukwa kukana mphatso ndi kunyoza mwini wake. Koma mlendo yemweyo akapita kuseri kukadya nkhukuyo yekha, ana akungomva fungo, mudzi wonse umadziwa kuti ndi munthu wotani. Mphatso imalandiridwa, kenako imagawidwa.

Chiyamiko chili chimodzimodzi. Kudzichepetsa sikutanthauza kubweza nkhuku. Kumaoneka pa chimene munthu amachita nayo akailandira. Mbiri ya mpingo m'mapiri ano ikusonyeza kuti kugawako ndiye kovuta.

Mayina a pazikwangwani ndi mayina oiwalika

Pa 28 November 1889, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, anakhazikitsa mishoni ya Mvera m'dziko la Chiwere, mfumu ya Angoni. Mu 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe. Kenako kunabwera Nkhoma mu 1896, ndipo ntchito inafalikira mpaka ku Chinthembwe, kufupi ndi nkhalango ya phiri la Ntchisi. Mmodzi wa atsogoleri a bungwe la abusa limene linatumiza A.C. Murray anali mchimwene wa bambo ake, mlembi wotchuka Andrew Murray. Mu 1895, Mvera idakali yakhanda, mkuluyu anatulutsa kabuku kotchedwa Humility, kokamba za kudzichepetsa, kamene akhristu a m'mayiko ambiri akuwerengabe mpaka lero. Choncho nkhaniyi si yachilendo pa mtsitsi wa mpingo umene unayambira pa Mvera.

Komabe mbiri ili ndi khalidwe lofanana ndi la anthu a pabwalo la tchalitchi: imagwira chanza munthu amene waima kutsogolo. Dzina la Blake lili pachikwangwani cha sukulu ya sekondale pa Kongwe. La William Murray lili pa sukulu ina ku Nkhoma, ndipo n'zomuyenera, chifukwa iye ndi amene anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922. Mbali yaikulu ya ntchitoyo inagwiridwa paphiri la Kaso, kufupi ndi Mvera. Koma patebulo lomasuliralo panalinso Jonathan Sande, Ishmael Mwale ndi Wilibes Chikuse, eni chiyankhulo amene ankayesa mawu aliwonse ngati akumveka m'khutu la munthu wakuno. Ndi akhristu angati amene amatsegula Baibulo limeneli m'mawa uliwonse anamvapo mayina amenewa?

Nanga aphunzitsi a m'masukulu a m'midzi, amene ankaphunzitsa kuwerenga mkati mwa sabata n'kulalikira Lamulungu? Nanga amtengatenga amene ankasenza machila ndi mabokosi a mabuku kuchokera kunyanja kukwera zitunda za Mvera? Panadutsa zaka 36 kuchokera pamene Mvera inayamba kufikira 1925, pamene Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoniyi. Dzina la Katengeza linapeza malo ku Chongoni, pa sukulu yosula atsogoleri a mpingo omwe si abusa. Ambiri anzake anangolowa m'manda opanda chipilala.

Mphunzitsi Samuel Josia Ntara anaona mpata umenewu. Atalemba Nthondo, buku limene linapambana mphotho mu 1933, analembanso mbiri ya Msyamboza, nyakwawa ya ku Chibanzi m'dera la Kongwe, amene analandira chikhristu ndi kutukula ulimi pamudzi pake. Ntara anatenga nyali imene inazolowera kuunikira mzungu wa pamishoni n'kuiloza kwa munthu wa pamudzi. Kumeneko ndiko kugawa nkhuku.

Mutu umodzi susenza denga

Aliyense wodziwa mmene mpingo wakumudzi umayendera amadziwa kuti chiyamiko chopita kwa m'busa yekha chimakhala chitasochera. M'busa mmodzi wa CCAP mu Sinodi ya Nkhoma amayang'anira nthambi zingapo zomwazikana m'zigwa ndi m'zitunda, zina zosafikika bwino mvula ikagwa. Masabata ambiri amene amaima paguwa m'nthambizo ndi akulu a mpingo, alimi a fodya, soya ndi mtedza amene amakonza ulaliki usiku ndi tochi atachoka kumunda. Amene amaphunzitsa a m'kalasi ndi ana a Sande sukulu salandira kanthu. Maliro akagwa, amayi a Chigwirizano ndiwo amachezera kuimba, kutunga madzi ndi kuphika. Kwa Akatolika a ku Mpherere, Nambuma kapena Mtengowanthenga, bambo mfumu amadalira akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati. Kwa Aangilikani a ku Kayoyo nakonso wansembe sangafike paliponse yekha.

Ndondomeko ya Chipresibeteriya inakonzedwa mozindikira kufooka kwa munthu. M'busa salamula yekha, amakhala pabwalo limodzi ndi akulu a mpingo. Maudindo a ku presibitare ndi ku sinodi ndi osankhidwa, ndipo nthawi yake imatha. M'busa amene akuimbiridwa nthungululu pomulonga lero adzapakira katundu mulole tsiku lina, mpingo n'kutsala. Wokumbukira zimenezi samanga nyumba pa mawu otamanda.

Ng'oma yolilitsa

Masiku ano chiyamiko sichithera pakhomo la tchalitchi. Pa Mponela, pa Madisi kapena pa boma la Ntchisi mumaona mapositala a misonkhano ya chitsitsimutso pamene nkhope ya mlaliki yadzaza pepala lonse, mutu wa uthenga uli m'timalemba tating'ono pansi. Mayina aulemu akuchulukirachulukira: munthu wa Mulungu, wodzozedwa, papa. Kachidutswa ka ulaliki kakaikidwa pa Facebook kapena pa WhatsApp, mlaliki amatha kuwerenga ndi maso ake kuti ndi angati amukonda. Yesero lake ndi loonekeratu. Sabata yotsatira munthu amayamba kusankha mawu amene abweretse m'manja, n'kusiya amene abweretse kulapa.

Amalawi sitifunika kuuzidwa kumene kutamanda kopyola muyeso kumafikitsa. Tinamutcha Dr. Hastings Kamuzu Banda kuti Ngwazi ndi Mpulumutsi, mu 1971 tinamulonga kukhala mtsogoleri wamuyaya, ndipo m'kupita kwa nthawi panalibenso wolimba mtima womuuza kuti apa mwalakwitsa. Zimene zinachitika kudziko zimatha kuchitikanso pampingo wa anthu 200. Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika.

Komanso si chiyamiko chonse chimachokera mumtima. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Munthu amene nkhani yake ikudikira bwalo la mpingo amatha kuyamba mwadzidzidzi kuona kuti abusa amalalikira bwino kuposa onse amene anakhalapo. Wandale amene watulukira pa Pepa Sande chisankho chitayandikira, envulopu ili m'manja, amadziwa mawu oyenera kuyamba nawo. Kulinso wina amene amayamika m'busa watsopano pofuna kudetsa amene wachoka. M'busa wanjala ya matamando amagulidwa motchipa, ndipo sazindikira kuti wagulidwa.

Baibulo lenilenilo lili ndi zithunzi ziwiri zoyandikana m'buku la Machitidwe. M'mutu 12, mfumu Herode atakamba nkhani anthu anamukweza ngati mulungu, iye n'kuvomera, ndipo mathero ake anali omvetsa chisoni. M'mutu 14, anthu a ku Lustra anafuna kupereka nsembe kwa Paulo ndi Barnaba, koma awiriwo anang'amba zovala zawo n'kuwakumbutsa kuti iwonso ndi anthu. Paulo yemweyo, pamene akhristu anamutumizira thandizo, sanachite manyazi kuthokoza, ndipo ena mwa makalata ake amathera ndi mndandanda wa mayina a anthu amene anagwira naye ntchito, amayi ndi abambo omwe. Ankadziwa kusiyanitsa kupembedzedwa ndi kuyamikidwa.

Funso limodzi lotembenuza nkhani

Abusa okhwima pa utumiki amakhala ndi kachitidwe kosavuta. Amayamba ndi zikomo weniweni, womuyang'ana munthu kumaso. Akatero amafunsa: “Ndi mawu ati amene akukhudzani, mayi?” Funso limeneli limachotsa mlaliki pakati n'kuikapo womverayo. Nthawi zambiri m'pamene nkhani yeniyeni imatuluka: mdzukulu amene wagonekedwa kuchipatala, mwana amene anapita ku Joni ndipo wasiya kuimba foni, ngongole ya feteleza imene fodya walephera kubweza. Mawu oti mwatidyetsa aja anali kugogoda chabe. Mlaliki wotanganidwa ndi kukana kapena kumeza chiyamiko samva kugogodako.

Abusa okhwimawo amatchulanso ena, osati mongodutsa ayi, koma ndi mayina ndi ntchito zawo: kwaya imene inakonza mitima ulaliki usanayambe, amayi amene anasesa ndi kukolopa Loweruka, mnyamata amene analiza chitsulo chopachikidwa pamtengo m'bandakucha, mkulu wa mpingo amene wakhala akuyendera wodwala miyezi itatu popanda womuona. Mpingo umene mtsogoleri wake amagawa chiyamiko chotere umaphunzira kuona anthu amene kale sunkawaona.

Ndipo amasunga pafupi munthu mmodzi kapena awiri amene saopa kunena zoona. Kawirikawiri amakhala amayi busa, amene pa nsima ya masana amatha kunena mofatsa kuti lero munatalikitsa, kapena kuti fanizo lija linamuchititsa manyazi munthu. Mwinanso amakhala mkulu wa mpingo wa imvi amene waona abusa asanu akubwera ndi kupita. Mtima umene umalandira chiyamiko ndi womwewo umene umalandira chidzudzulo. Wotupa ndi matamando Lamulungu amaphwa ndi kalata yodandaula Lachiwiri, pamene wodziwa kuti ndi wotumidwa amamva zonse ziwiri n'kupitiriza ulendo.

Woperekera chakudya

Gogo uja, mwina mosadziwa, anasankha mawu oyenera. Sananene kuti abusa ndinu anzeru. Anati mwatidyetsa. Pamudzi aliyense amadziwa kuti wobweretsa mbale pamphasa si amene anagwetsa mvula. Alipo amene analima, amene anakonola, amene anapita kuchigayo, amene anatsokomola ndi utsi kukhitchini. Koma wobweretsa mbaleyo nayenso wagwira ntchito, ndipo akauzidwa zikomo sayankha kuti munalibe nsima m'mbalemo. Amavomera mwaulemu, n'kuponya maso pamphasa kuona ngati pali wina amene sanalandire.

Pabwalo anthu ayamba kuchepa. Gogo wamanga Baibulo lake m'kansalu, walunjika kanjira kokwera chitunda. Mlaliki wapinda buluku mwendo wakumanja, wakwera njinga. Masana ano akuyembekezeka kunthambi ya kutsidya kwa mtsinje, kumene kuli anthu ochepa, denga lodontha, ndipo mwina sipapezeka womugwira chanza. Uthenga umene wanyamula ndi womwewo.