Mutu 9: Impso, Gout ndi HIV m'Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

Impso ndi ziwalo ziwiri zomwe zili kumbuyo kwa mimba, ina mbali iyi ya msana ina mbali inayo, ndipo iliyonse kukula kwake n'kofanana ndi chibakera cha mwini wake. Mu impso imodzi muli timasefa pafupifupi 1 miliyoni, tomwe akatswiri amatitcha ma nephron, ndipo tsiku lililonse timasefati timasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, ngakhale kuti ambiri mwa madziwo amabwereranso m'thupi, otuluka ngati mkodzo n'kungokhala lita imodzi kapena awiri. Kuwonjezera pa kuchotsa zoipa, impso zimayang'anira mchere ndi madzi m'thupi, zimathandiza kuti magazi aziyenda pa mlingo woyenera, komanso zimatulutsa mankhwala achilengedwe ouza mafupa kuti apange magazi atsopano. Madokotala amati munthu ali ndi matenda a impso a mgonagona pamene ntchito yosefayi yatsika, kapena pamene mapuloteni akutuluka mumkodzo, kwa miyezi yoposa itatu, ndipo amagawa matendawa m'magawo asanu, lachisanu kukhala lija impso zimalephereratu.

Mutu uno ufotokoza zinthu zinayi zokhudzana ndi kuwonongeka kwa impso za anthu a ku Thyolo, zomwe ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, kachirombo ka HIV ndi matenda a gout, kenako ufotokoza za kayezedwe ka impso. Boma la Thyolo, lomwe pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 700,000, ladalira tiyi kwa zaka zoposa 100, ndipo m'maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi Makwasa anthu zikwizikwi amathyola masamba kuyambira m'mawa, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene tiyi amaphukira kwambiri ndipo malipiro amatsatira kulemera kwa dengu pa sikelo. Za kuthamanga kwa magazi ndi shuga zafala kale, ndipo n'zokwanira kunena kuti kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri a iwo osadziwa, ndipo kuti matenda awiriwa ndiwo amapha impso zambiri pa dziko lonse.

Cholakwika chachikulu chomwe chimasokoneza nkhani yonseyi ndi chikhulupiriro chakuti impso yodwala imapweteka. Munthu amene wakhala tsiku lonse ali chowerama pakati pa mizere ya tiyi, dengu lili kumsana, akamva kuwawa m'chiuno amafulumira kunena kuti ndi impso, chonsecho kawirikawiri ndi minofu ndi mafupa a msana zomwe zatopa. Pamene impso zikuwonongekadi, munthu samva kanthu, chifukwa timasefa totsala timasenza ntchito ya tinzake tomwe tafa, mwakuti theka la mphamvu ya impso likhoza kutha mwini wake akugwirabe ntchito ngati kale. Kutupa kwa mapazi ndi nkhope, mkodzo wochita thovu losatha msanga, kukodza pafupipafupi usiku, kuyabwa kwa thupi lonse, mseru ndi kufooka kosadziwika bwino ndi zizindikiro zomwe nthawi zambiri zimabwera mochedwa. Choncho amene msana ukumupweteka amada nkhawa ndi chiwalo chomwe chili bwinobwino, pomwe mnzake amene impso zake zikutha amakhala mosatekeseka.

Thyolo ndi limodzi mwa maboma omwe anakanthidwa koopsa ndi Edzi, ndipo ndi kunonso komwe bungwe la Médecins Sans Frontières, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linayamba kupereka ma ARV mu 2003 pa chipatala cha boma, kenako n'kuwafikitsa m'zipatala zing'onozing'ono. Zotsatira zake n'zakuti lero kuli anthu ambiri omwe akhala ndi kachiromboka zaka 15 kapena 20, akukalamba nako, ndipo ayamba kukumana ndi matenda a ukalamba omwe kale sankawafika. Kachirombo ka HIV pakokha kamatha kulowa m'maselo a impso n'kufwafwaza timasefa, vuto lomwe madokotala a ku New York analifotokoza mu 1984 ndipo limadziwika ndi dzina lakuti HIVAN. Chomwe chinadabwitsa ofufuza kwa nthawi yaitali n'chakuti vutoli linkagwira pafupifupi anthu akuda okhaokha, ndipo yankho linapezeka mu 2010, pamene zinadziwika kuti kachigawo ka chibadwa kotchedwa APOL1, komwe munthu amatengera kwa makolo, kali ndi mitundu iwiri yapadera, G1 ndi G2, yopezeka mwa anthu ochokera mu Africa. Mitunduyi imakhudzana ndi chitetezo ku kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi ntchentche za tsetse omwe m'Malawi amapezekabe pafupi ndi nkhalango za Nkhotakota ndi Vwaza, koma munthu amene watengera mitunduyi kwa bambo ndi mayi omwe amakhala pa chiopsezo chachikulu cha matenda a impso, makamaka ngati kachirombo ka HIV kakuswana m'thupi mwake popanda mankhwala. Mitunduyi ndi yofala kwambiri kumadzulo kwa Africa, imachepa kummawa, ndipo ku Ethiopia siipezeka wambawamba, zomwe zikutanthauza kuti khungu lakuda palokha silinena zambiri za impso za munthu.

Apa m'pofunika kuwongola mphekesera yakuti ma ARV amaotcha impso. N'zoona kuti tenofovir, yemwe ali m'piritsi la 5A lomwe linayamba kuperekedwa kwa amayi oyembekezera mu 2011 komanso m'piritsi la 13A lomwe linalowa m'malo mwake kuyambira mu 2019, amatha kuvulaza timapaipi ta impso mwa anthu ena ochepa, makamaka okalamba, owonda kwambiri ndiponso omwe impso zawo zinali kale zofooka. Koma anthu oterowo achipatala amawasinthira mankhwala, mwachitsanzo kuwapatsa abacavir m'malo mwa tenofovir, pomwe amene wasiya yekha mankhwala chifukwa cha mantha amamasula kachirombo komwe kamawononga impso mofulumira kuposa piritsi lililonse. Dolutegravir, yemwe ali mu 13A, komanso Bactrim, amakweza pang'ono nambala ya creatinine, chinthu chomwe amayeza m'magazi poona mphamvu ya impso, pa zotsatira za kulabotale popanda kuvulaza impso, ndipo dokotala wodziwa ntchito yake amasiyanitsa zimenezi ndi matenda enieni.

Gout ndi mtundu wa nyamakazi womwe umayamba chifukwa cha kuchuluka kwa uric acid, chinthu chotsalira thupi likaphwanya maselo akale ndi zakudya zina monga nyama yofiira, zam'kati, nsomba zing'onozing'ono ndi mowa. Magawo awiri mwa atatu a uric acid amatuluka kudzera mu impso, mbali yotsalayo n'kutulukira m'matumbo, ndipo akapitirira mamiligalamu pafupifupi 6.8 pa desilita imodzi ya magazi amayamba kuuma n'kusanduka timibulu tosongoka tomwe timakhazikika molumikizirana mafupa. N'chifukwa chake munthu amagona ali bwinobwino n'kudzidzimuka pakati pa usiku chala chachikulu cha kuphazi chitatupa, chikutentha, chosafuna kukhudzidwa ngakhale ndi bulangete. Mabuku akale a ku Ulaya ankati ndi matenda a mafumu ndi anthu olemera, ndipo maganizo amenewa achititsa kuti ambiri asamaganize n'komwe zoti wothyola tiyi, amene nyama amaidya mwa apo ndi apo, angadwale gout. Koma sefa ikatsekeka, ngakhale ufa wochepa umatsalira pamwamba, ndipo mmphawi amene impso zake zafooka amasunga uric acid wochuluka ngakhale akudya nsima ya masamba tsiku ndi tsiku. Mankhwala enanso amawonjezera, monga hydrochlorothiazide, piritsi lofala la kuthamanga kwa magazi, ndi pyrazinamide, mmodzi mwa mankhwala anayi a chifuwa chachikulu cha TB chomwe chimagwira kwambiri anthu omwe ali ndi HIV. Makafukufuku awiri omwe zotsatira zake zinatuluka mu 2020, wa CKD-FIX ndi wa PERL, anasonyeza kuti kutsitsa uric acid ndi mankhwala a allopurinol sikunachedwetse kuwonongeka kwa impso, ndiye n'koyenera kuona gout makamaka ngati chizindikiro cha impso zomwe zayamba kale kulephera.

Pa ululu wa gout m'pamene pamachitika ngozi yopeweka kwambiri mwa zonse. Munthu wolipidwa potengera makilogalamu sangakwanitse kugona masiku asanu akudikira kuti phazi liphwe, choncho amatuma mwana ku gulosale kapena kwa ogulitsa mankhwala pa msika wa Bvumbwe kapena Luchenza kukagula brufen, diclofenac kapena indocid, ndipo popeza mankhwalawa amathetsadi ululu, amasanduka chizolowezi, awiri m'mawa awiri madzulo, mwina ndi kumwera limodzi mitundu iwiri poganiza kuti ndi mankhwala osiyana. Onsewa ndi a banja limodzi, ndipo amagwira ntchito potseka mankhwala achilengedwe a m'thupi otchedwa ma prostaglandin, omwe amayambitsa kutupa ndi ululu koma omwenso amatsegula mitsempha yolowetsa magazi mu impso. Mwa munthu wathanzi amene wamwa madzi okwanira vutoli silioneka, koma mwa amene watuluka thukuta tsiku lonse m'munda osamwa madzi, kapena amene akutsekula m'mimba, kapena ali ndi malungo, magazi olowa mu impso amachepa mwadzidzidzi. Ngati munthu yemweyo akumwanso tenofovir, amene amatuluka m'thupi kudzera mu impso zomwezo, mankhwalawo amaunjikana m'timapaipi n'kutivulaza. Ngati pamwamba pake akumwa hydrochlorothiazide ndi enalapril, monga amachitira ambiri odwala kuthamanga kwa magazi (BP), kuwonjezerapo brufen kumakhala kuphatikiza mankhwala atatu omwe madokotala pa dziko lonse amachenjeza kuti asamakumane. Chomvetsa chisoni n'chakuti mapiritsi ogula okhawa salembedwa m'buku la kuchipatala, ndipo wodwala sawatchula pofotokoza mankhwala omwe akumwa chifukwa sawawerengera ngati mankhwala enieni. Zitsamba za kwa asing'anga ndi mabotolo ogulitsidwa m'misika ndi lonjezo lotsuka impso zili m'gulu lomweli, popeza palibe amene amadziwa mlingo wa zomwe zili m'katimo, ndipo impso sichapidwa ndi chakumwa chilichonse.

Njira zabwino zothetsera ululu wa gout zilipo. Kwa munthu wa impso zofooka, dokotala amatha kupereka prednisolone kwa masiku ochepa, kapena colchicine pa mlingo wotsitsidwa, ndipo panado, ngakhale sathetsa kutupa, savulaza impso akamwedwa moyenera. Allopurinol sapha ululu, ntchito yake n'kuteteza kuti matendawa asabwererenso, choncho amayambidwa pa mlingo wochepa n'kumamwedwa tsiku lililonse, osati pokhapokha phazi likatupa, ndipo amene watuluka zidzolo atayamba kumwa ayenera kusiya n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuyeza impso kumafuna zinthu ziwiri, kapepala koviika mumkodzo koonetsa ngati muli mapuloteni kapena magazi, komanso kuyeza creatinine m'magazi, komwe kumapereka nambala ya eGFR, yoyerekeza mphamvu yosefa ya impso, ndipo nambalayi ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu ndiye kuti matenda alipo. Kuyeza kwa creatinine kuli ndi malire ake. Kafukufuku wa ARK, yemwe anachitika m'Malawi, ku Uganda ndi ku South Africa ndipo anasindikizidwa mu 2022, anapeza kuti masamu omwe anakonzedwa ku America amaonetsa impso za anthu a kuno ngati zamphamvu kuposa momwe zilili, mwakuti odwala ambiri amadutsa osadziwika. Pachifukwachi kapepala ka mkodzo, kotsika mtengo chotere, n'kosayenera kunyozedwa, ndipo kamathandizanso kugwira likodzo, lomwe likakhalitsa limatseka njira za mkodzo n'kufooketsa impso.

Impso zikafika pa gawo lachisanu, chotsala ndi makina osefa magazi, omwe amafuna kuti wodwala azilumikizidwa kwa maola pafupifupi anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wake wonse. Makinawa m'zipatala za boma amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ofuna kuikidwa impso ina amatumizidwa kunja, kawirikawiri ku India. Kwa banja la ku Thekerani kapena ku Makwasa lodalira malipiro a kuesiteti, ndalama ya thiransipoti yokha yopitira ku Blantyre kawiri pa sabata ndi yosatheka. Choncho aliyense amene akumwa ma ARV, kapena mankhwala a BP kapena a shuga, ndipo chala chake cha kuphazi chinatupapo ngakhale kamodzi, apite ku chipatala cha boma cha Thyolo, ku Malamulo kapena ku kiliniki ya pa esiteti yake, atenge mapiritsi onse omwe amamwa kuphatikizapo ogula ku gulosale, akawaonetse dokotala, ndipo apemphe kuti amuyeze mkodzo ndi creatinine.