Kodi mumadziwa kuti mkaka unkasanduka zibangili?

Mabatani, ndolo, zibangili ndi zipeso zambiri za m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 zinkapangidwa ndi mkaka wa ng'ombe.

Pulasitiki yake ankaitcha Galalith. Anaitulukira ndi Adolf Spitteler ndi Wilhelm Krische ku Germany mu 1897. Ankaundanitsa mkaka ngati chambiko, n'kuumitsa zoundanazo, kenako n'kuziviika mu mankhwala a formaldehyde mpaka zitalimba gwa. Ikalimba sisungunukanso, choncho amisiri ankachita kuidula ndi kuisema. Inkagwira utoto mokongola, moti ku France akazi ankaitchena m'malo mwa minyanga ya njovu.

Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse mkaka unafunika kwambiri pakamwa, ndipo kenako mapulasitiki otchipa ochokera ku mafuta analanda msika.

Lero ku Ulaya ndi ku America kuli anthu osonkhanitsa zinthu zimenezi. Ndiye mukamasanthula salaula pamsika wa Chawama, musanyoze jekete lachikale. Viikani batani lake m'madzi otentha, mununkhize: la Galalith limamveka fungo la mkaka wopserera.