Anafera m'ndende, koma dzina lawo lilipobe

Mukadzafika ku Maputo, mudzaona msewu wotchedwa Avenida Zedequias Manganhela. Kodi mwini dzinali mukuwadziwa?

Bambo Manganhela anali abusa, mtsogoleri wa mpingo wa Presbiteriana kuno ku Mozambique. Mu 1972, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, apolisi achinsinsi a Apwitikizi, aja ankatchedwa PIDE, anawagwira. Ankawaganizira kuti akuthandiza Frelimo. Anawatsekera m'ndende ya Machava, pafupi ndi Maputo. Mu Disembala chaka chomwecho, abusawo anapezeka atafa. Atsamunda anati adzipha okha, koma anthu ambiri sanakhulupirire.

Ku Machava, ndiponso pa chilumba cha Ibo ku Cabo Delgado, ankasungako anthu ambiri ogwidwa pa nkhondoyo. Ena anafera komweko. Mayina a ambiri mwa iwo sali pa msewu uliwonse.

Kodi mukudziwa kuti nkhondo nayo ili ndi malamulo? Mu 1949, mayiko anagwirizana ku Geneva za kasamalidwe ka asilikali ogwidwa. Dziko lathu linavomereza panganoli mu 1983. Likuti msilikali wogwidwa asaphedwe ndipo asazunzidwe. Apatsidwe chakudya ndi mankhwala. Aloledwe kulemba kalata kwawo. Akamwalira, aikidwe mwaulemu, pamanda pake paikidwe chizindikiro, ndipo kwawo atumize uthenga.

Nthawi zina chilungamo chimachedwa. Emil Kapaun, wansembe wa asilikali a ku America, anafera m'manja mwa adani ku Korea mu 1951. Anzake amene anapulumuka sanaleke kumutchula. Mafupa ake anadziwika mu 2021, patatha zaka 70, ndipo anakaikidwa kwawo ku Kansas.

Kuno ku Entre Lagos, nkhondo ya zaka 16 inatha mu 1992. Amene anathawira ku Malawi kudzera ku Nayuchi ambiri anabwerera. Koma alipo ena amene anatengedwa, osaonekanso mpaka lero. Mwina m'banja mwanu mulinso wotere, malume kapena mlongo.

Tsopano inu mukuphunzira kulemba. Tengani kope lanu. Funsani akuluakulu akadali moyo. Lembani dzina lonse la munthuyo, mudzi wake, mfumu yake, ndi chaka chimene anaoneka komaliza. Kenako muwerengereni mwana wanu mokweza, kuti nayenso adzadziwe womutchula.