Mtengo wosadulidwa nawo uli ndi mtengo wake pamsika

Thumba la makala aliyense amadziwa mtengo wake. Koma m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, mtengo umene sunadulidwe nawonso unapeza wougula.

Mu Okutobala 2021, dziko la Mozambique linakhala loyamba kulandira malipiro kuchokera ku thumba la Forest Carbon Partnership Facility, lomwe limayendetsedwa ndi World Bank. Linalandira madola 6.4 miliyoni a ku America chifukwa chochepetsa mpweya wa kaboni ndi matani 1.28 miliyoni m'maboma 9 a m'chigawochi, kuphatikizapo Mocuba, Gurué ndi Pebane. Ndiye kuti tani imodzi inagulidwa madola 5.

Malondawa amayenda chonchi: mtengo ukadulidwa n'kuotchedwa, mpweya umene unasunga umapita m'mlengalenga n'kuwonjezera kutentha kwa dziko. Akatswiri amaona pa zithunzi za setilaiti nkhalango imene yatha chaka chimenecho, n'kuyerekeza ndi mmene inkathera m'zaka za m'mbuyo. Kudula kukatsika, kusiyanako ndiye katundu wogulitsa. Kukakwera, palibe cholandira.

Nkhani yagona pa kagawidwe. Mgwirizano unapatsa anthu akumudzi 70 peresenti, amalonda 20 peresenti, maofesi a maboma 4 peresenti, nkhalango yotetezedwa ya Gilé 4 peresenti, ndipo ofesi ya chigawo 2 peresenti. Pa madola 6.4 miliyoni aja, gawo la maboma silingapose madola 256,000, ogawana maboma 9. Ndalama imeneyi ikuyenera kulimbana ndi mlimi wofuna kuswa mphanje komanso wootcha makala, amene amalandira zake tsiku lomwelo. Ofesi ya boma ingalimbikire kulondera nkhalango pokhapokha itaona kuti mtengo woimirira ukulipira kuposa wogwa.

Ku Zambia mtengo wakwerako. Mu 2024 dzikolo linasaina mgwirizano wa madola ofika 30 miliyoni pa matani 3 miliyoni m'chigawo cha Kum'mawa, komwe kuli Chipata ndi Katete. Apa tani ikugwa madola 10.

Wamalonda atolepo zitatu. Choyamba, kumene akuluakulu a boma akulipidwa chifukwa cha nkhalango, zipata zimakhwima, choncho woika mpamba wonse pa makala akhoza kuutaya pa rodibuloko. Chachiwiri, katundu wogwirizana ndi ntchitoyi ndiye angapeze msika: mbaula zosadya nkhuni zambiri, mbande za mitengo, uchi ndi ming'oma ya njuchi. Chachitatu, ndalama za kaboni zimabwera matani atayesedwa n'kutsimikizidwa, ndipo izi zimatenga nthawi yaitali. Wotenga ngongole podalira ndalamazi angapeze chiwongoladzanja chadya phindu lonse cheke chisanafike.