Kasamalidwe ka Stoma kwa Odwala Okalamba ndi Ofooka

Onse osamalira odwala akumbukire kuti stoma, kabowo kamene madokotala amatsegula pamimba pochita opaleshoni ya matumbo kuti chimbudzi chizitulukira m'thumba, iyenera kuyang'aniridwa tsiku ndi tsiku. Kwa munthu wofooka, vuto laling'ono limakula msanga.

Choopsa chachikulu ndi kutha kwa madzi m'thupi. Stoma ya matumbo aang'ono ikamatulutsa madzi oposa malita 1.5 patsiku, impso zimatha kuwonongeka. Zizindikiro zake ndi mkodzo wochepa, chizungulire ndi kusokonezeka maganizo. Kumwa madzi wamba ochuluka kumangowonjezera kutsegulako, chifukwa kumakokolola mchere wa m'thupi. Wodwala azimwa ORS pang'onopang'ono ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Stoma yabwino imakhala yofiira ndi yonyowa. Ikada kapena kuuma, ndiye kuti magazi sakufikapo. Chimodzimodzi ikasiya kutulutsa chimbudzi, mimba n'kutupa, wodwala n'kumasanza. Zonsezi n'zofunika chipatala mwachangu.

Khungu lozungulira stoma limanyuka ngati chimbudzi chikulikhudza. Bowo la thumba lidulidwe mokulirapo ndi mamilimita 2 kapena 3 okha kuposa stoma, ndipo khungu liume bwino thumba lisanamatidwe.

Chotupa cha m'mbali mwa stoma, chimene chimadza matumbo akamakankha khoma la mimba, nthawi zambiri chimatetezedwa ndi lamba wapadera. Madokotala amapewa opaleshoni yachiwiri kwa wofooka pokhapokha matumbo atatsekeka kapena kupanikizika, chifukwa ndi yoopsa ndipo chotupacho chimatha kubweranso.