Matenda a Khunyu Amayambira mu Ubongo

Mu ubongo umene Allah adatipatsa muli maselo pafupifupi 86 biliyoni, olumikizana ngati mawaya, ndipo amatumizirana mauthenga a magetsi mopatsana mpata. Kwa munthu wa khunyu, gulu lina la maselowa limatumiza mauthenga nthawi imodzi mopyola muyeso. Chisokonezocho chikafalikira mu ubongo, munthu amagwa n'kumaphupha. Kuno kwathu malungo a mu ubongo ndi kuvulala m'mutu ndi zina mwa zoyambitsa.

Ambirife timafulumira kunena kuti ndi majini. Duwa tichite ndithu, koma mwanayo tipite naye kuchipatala cha Kawale kapena ku Central. Bungwe la WHO limati odwala 7 mwa 10 angasiye kugwa ndi mankhwala oyenera. Malovu ake safalitsa matendawa. Akagwa timugoneke chammbali, osamuika supuni m'kamwa. Pa Ramadhani asadumphitse mankhwala osafunsa dokotala, pakuti wodwala adaloledwa kudzabweza masiku.