Kodi wogunda kumbuyo ndiye wolakwa nthawi zonse?

Masiku ano sabata siitha osalandira kanema pa WhatsApp woonetsa madalaivala awiri atagwirana m'makolala pakati pamsewu, galimoto zawo zitagundana, kumbuyo mdipiti wa anzawo ukuimba mahutala. Wina amajambula ali m'minibasi, wina ali pakhonde la sitolo, ndipo pofika madzulo dziko lonse limakhala litagamula kale mlanduwo. Akonzi a tsamba lino ataona kuti makanemawa anyanya, anatituma kuti tisiye kuonera pafoni, tikaime tokha m'mbali mwa msewu. Pajatu wojambula amatulutsa foni phokoso litamveka kale, ndipo chimene chinabweretsa phokosolo sichilowa m'kanema.

Za kuthinana kwa misewu ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu palibe wofunika kuuzidwa. Galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito za ku Japan zikulowabe kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, ma Sienta akulimbirana anthu ndi maminibasi, ndipo kampata kalikonse kotsala amalowapo a kabaza. Aliyense ali pachangu.

Ngozi imene yakana kuchoka m'mutu mwanga inachitika m'mawa wina pamsewu wochokera ku Thyolo, mutangodutsa pa Chigumula kulowera ku Limbe. Usiku kunali kutagwa mvula ndipo phula linali lidakali lonyowa. Munkadutsa kapikiapu kakale ka Datsun, ka mtundu uja unkapangidwa ku South Africa mpaka 2008, womwe ambiri ankabwera nawo pochokera ku Joni. Penti yake yoyera inali itatuwa, koma kankaoneka kosamalidwa, magalasi opukutidwa bwino, mipando yoyalidwa chitenje. Kanali katasenza madengu a tomato ndi matumba a kabichi a ku Bvumbwe, zonse zomangidwa ndi malegeni, kumbuyo kutatsika ndi kulemera. Ankayendetsa anali bambo achikulire aimvi, atavala jekete yakale ya suti ndi chipewa, pambali pawo pali akazi awo atafumbata kachikwama.

Kankayenda mofatsa monga iyenera kuyendera galimoto yolemedwa. Kumbuyo kwake kunali kutamatirira minibasi, dalaivala akuimba hutala kosalekeza ndi kuthwanimitsa nyali, kondakitala atatulutsa mutu pawindo akuitanira anthu a ku Limbe. Pamalo pomwe mzere woyera wapakati ndi wosadukiza, minibasi ija inatuluka n'kuyamba kupitirira. Kutsogolo kunkabwera lole. Poithawa, inabwerera kumanzere mothina kwambiri, pamphuno penipeni pa kapikiapu. Isanapite patali, mayi wina wonyamula chikwama anakweza dzanja m'mbali mwa msewu, ndipo minibasi inaima nthawi yomweyo, matayala akumanja ali paphula.

Madala aja anaponda mabuleki. Matayala anatsetsereka paphula lonyowalo, kenako phokoso. Boneti inapindika, nyali imodzi inasweka, rediyeta inayamba kuchucha madzi uku ikutulutsa nthunzi. Madengu awiri anaduka malegeni n'kugubuduka, tomato n'kumwazika msewu wonse, wina akuphwanyidwa ndi matayala a galimoto zodutsa mpaka phula kufiira. Chitseko chakumbuyo cha minibasi chinalowa mkati ndipo galasi lake linang'aluka. Mwamwayi palibe anavulala kwambiri, kupatula mayi a m'kapikiapu omwe anagunditsa chipumi n'kutupa.

Dalaivala wa minibasi, mnyamata wa msinkhu woti n'kukhala mdzukulu wa madalawo, anatsika akukuwa. Sanafunse ngati wina wavulala. Anathamangira kuchitseko chopindikacho n'kumachimenya ndi chikhatho kuti aliyense aone, uku kondakitala wake akupisa dzanja pawindo la kapikiapu kufuna kuzula kiyi. Madala sanabweze mawu. Anavula chipewa, anagwada kutsogolo kwa galimoto yawo n'kumayang'ana madzi akuthera pansi, dzanja limodzi likunjenjemera pabampala. Akazi awo anamasula chitenje n'kuyamba kutolera tomato wotsala, ana a sukulu akuwathandiza. Mnyamata uja ankawatchula kuti madala mwachipongwe, iwo akumuyankha kuti mwana wanga.

Mphindi zochepa zokha, panali patadzaza anthu: a kabaza, mavenda, oyenda pansi, ndi okwera minibasi ija omwe ena ankafuna ndalama zawo. Apa ndi pomwe panabuka mkangano umene wandichititsa kulemba nkhaniyi.

Mayi wina amene anakhala mpando wakumbuyo m'minibasi, magalasi osweka ali pamapewa, ananena mosaopa kuti wolakwa ndi dalaivala wawo. Anafotokoza kuti anthu m'minibasimo anali atayamba kale kumudandaulira kuchokera ku Bvumbwe chifukwa cha liwiro, ndipo kuti anamudula mnzakeyo n'kuima mosachenjeza. Bambo wina wovala taye anamutsutsa. Iye anati lamulo ndi lamulo, wogunda kumbuyo ndiye wolakwa, ndipo madalawo akanasiya mpata sizikanachitika. Chimene ndinaona n'chakuti aliyense wofika mochedwa ankayang'ana boneti, n'kuyang'ana chitseko, n'kugwirizana ndi bambo wa taye uja. Amene anaona chiyambi chake anali ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ankathamangira kuntchito.

Mawu akuti wogunda kumbuyo ndiye wolakwa sanachokere kumwamba. Aliyense amene anaphunzira galimoto anauzidwa kuti azisiya mpata wa masekondi osachepera awiri pakati pa iye ndi yemwe ali kutsogolo, ndipo mvula ikagwa aziwonjezera. Chifukwa chake n'chosavuta kuwerengera. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndipo munthu amatha pafupifupi sekondi yathunthu kuchokera pomwe diso laona choopsa kufika pomwe phazi laponda buleki. Mamita onsewo amatha galimoto isanayambe n'komwe kuchepetsa liwiro. Tsono ikakhala yolemedwa, phula lonyowa, mabuleki ake akale opanda ABS, mtunda woimira umatalika kwambiri. N'chifukwa chake nthawi zambiri wogunda mnzake kumbuyo amapezekadi kuti anamuyandikira mopitirira muyeso, kapena maso anali pafoni.

Koma mpata umene bambo wa taye ankaunenawo madala aja anali nawo. Kutsogolo kwawo kunali msewu wopanda kanthu kufikira pomwe minibasi inadzalowapo. Munthu sangasiye mpata wa masekondi awiri kwa galimoto imene yangomugwera pamphuno n'kuima pomwepo. Malamulo omwewo amene amauza wakumbuyo kuti asiye mpata amauzanso wopitirira kuti asadumphe mzere wosadukiza, asabwerere kumanzere asanamudutse bwinobwino mnzakeyo, ndipo asaime mwadzidzidzi popanda chizindikiro. Lamulo la pamsewu la 1997 limaletsa kuyendetsa mosasamala ndi mosaganizira ena, ndipo silinena kuti zimenezi zimakhululukidwa ngati galimoto yako yaphwanyika kumbuyo. Milandu yotere ikafika kukhoti, woweruza amafunsa chimene aliyense anachita ngozi isanachitike, ndipo amatha kugawa kulakwa pakati pa awiriwo. Malo pomwe chitsulo chapindika ndi umboni umodzi mwa maumboni ambiri.

Ine ndikuona kuti mawu a pamsewu amenewa asanduka chishango cha madalaivala ankhanza. Wina amakudula dala podziwa kuti zikavuta gulu lidzayang'ana bampala wako. Ena amafika pomapondera mabuleki mwadala kutsogolo kwa munthu amene wawachedwetsa, ati kumuphunzitsa. Munthu wotere akagundidwa, n'kulakwa kumutcha wolakwiridwa.

Sindikunena kuti madalaivala a minibasi alibe chowapanikiza. Ambiri amadzuka kudakali mdima ali ndi tageti ya mwini galimoto pamutu, mafuta ogula okha, kondakitala ndi oitanira oti alandire zawo. Chotsala pamenepo ndiye chakudya cha ana. Munthu woima m'mbali mwa msewu ukamusiya, amutenga mnzako amene ali kumbuyo. Mnyamata ujanso mkwiyo wake unali wosakanikirana ndi mantha, chifukwa ankabwerezabwereza kuti abwana ake amudula malipiro kapena kumulanda kiyi. Zimenezi n'zomveka ndipo eni maminibasi ayenera kuzimva. Koma tageti yake sanamupatse ndi madala a tomato aja, ndipo nkhanzazi sizili kwa a minibasi okha. Tinaonanso eni galimoto zikuluzikulu zamagalasi akuda akukankhira tigalimoto ting'onoting'ono kunja kwa phula paraundabauti, pomwe aliyense amadziwa kuti amayenera kudikira wochokera kumanja.

Mlandu wa pa Chigumula sunafike kwa apolisi. Madala ankafuna kuti aitanidwe adzayeze, koma mnyamata uja ndi gulu lomuchemerera anati kutero n'kutayitsana nthawi, ndi bwino kungokambirana. Mayi wa mpando wakumbuyo uja anali atakwera minibasi ina. Ndinanena zimene ndinaona, koma pamalo otere amamveka ndi wokweza mawu. Dzuwa linkakwera, tomato wotsala ankafunika kufika kumsika asanafewe, ndipo madala anavomera kulipira zowongolera chitseko. Za rediyeta yawo, nyali ndi madengu awiri aja palibe anazitchula.

Kukambirana kwa m'mbali mwa msewu kuli ndi ubwino wake pomwe galimoto zangokandana penti ndipo onse akuvomereza. Koma pomwe pali kutsutsana, wofatsa ndiye amaluza. Popanda lipoti la apolisi a inshulansi nawo sakuthandiza. Ndipo ambiri amazindikira tsiku la ngozi kuti inshulansi yokakamiza ija, yotchipa imene pafupifupi aliyense amadula, imateteza anthu ena amene wawapweteka kapena kuwaonongera, osati kukonza galimoto yako. Chimene chikanawapulumutsa madala aja ndi nambala ya foni ya mboni imodzi yokha, ndi zithunzi za mizere ya matayala paphula galimoto zisanasunthidwe.

Ndinawapezanso madzulo ake pagalaja ina yapansi pamtengo ku Ndirande, komwe kapikiapu kanakokeredwa. Mkwiyo analibe, koma ankalankhula za galimotoyo ngati za mwana wodwala. Anati anabwera nayo okha pamsewu kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Tete ndi ku Mwanza, ndipo ndiyo inaphunzitsa ana awo onse. Asanaigule anali ndi Peugeot 404 yomwe inathera m'misewu yafumbi ya kumudzi. Nkhani itafika pamenepo, amakaniko ndi makasitomala odikirira anailowerera onse. Wina anakumbuka Land Rover ya malume ake imene inkadzuka ndi chokankha, wina Datsun 120Y imene inanyamula ukwati wa mudzi wonse, wina Corolla yake yoyamba imene anaigulitsa sukulu fizi itavuta ndipo mpaka lero amaizindikira ikamadutsa m'tauni ndi mwini wina.

Onse ankatamanda mabampala achitsulo akale n'kumanyoza apulasitiki a ma Vitz ndi ma Passo a masiku ano, omwe amati ukangowakhudza agwa. Pamenepo pokha sindinagwirizane nawo. Galimoto zatsopano zimapangidwa dala kuti kutsogolo kuzipindika, n'cholinga choti mphamvu ya kugundako ithere m'chitsulo isanafike pachifuwa cha munthu. Kukonza kwake n'kodula, koma mwini wake amatuluka akuyenda. Mmodzi mwa amakanikowo anavomereza, kenako n'kuwonjeza kuti rediyeta ya Datsun yoteroyo masiku ano amaipeza kwa ophwasula galimoto zakufa, ndipo madala adikira.

Pobwerera kunali kutada, ndipo ndinakhala mpando wakutsogolo m'minibasi yochokera ku Ginnery Corner kupita ku Limbe. Ndinayamba kuyang'anitsitsa kumbuyo kwa maminibasi amene ankaima kutsogolo kwathu pasiteji iliyonse. Ena nyali ya mabuleki imayaka mbali imodzi, ena siyaka n'komwe, ena indiketa yake ndi dzanja la kondakitala lomwe mumdima silioneka. Inunso mukakwera madzulo ano, khalani pomwe mungaone kutsogolo, muwerenge nokha kuti ndi angati amene nyali zawo zonse zakumbuyo zikuyaka akamaima.